Khoswe wa Pamkhate: Mbiri ya Mwana Woitanidwa Kukaneneza Kholo Lake M'khoti

Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ukamuponyera mwala, uphwanya mkhate womwe umatungamo madzi akumwa. Ku Chanyanya, m'mbali mwa mtsinje wa Kafue, mwambiwu sufuna womasulira. Nyumba zambiri kumeneko zimadya za ukonde ndi za kumunda, ndipo mwini ukonde nthawi zambiri amakhala mmodzi. Tsono zikachitika kuti amene wamenya mayi mpaka kumuvulaza, kapena amene wagona mwana, ndi mwini ukonde yemweyo, ndipo amene anaona ndi maso ndi mwana wa m'nyumbamo, banja lonse limayamba kuganiza za mkhate.

Mwana wotere akaitanidwa ku khoti, pamakhala mafunso awiri. La oweruza ndi lakuti: kodi mwanayu tingamukhulupirire? La mwana ndi lakuti: ndikakamba, andichita chiyani, ndipo lero ndikagona kuti? Mbiri ya malamulo athu ionetsa kuti funso loyamba linadya zaka mazana, pamene lachiwiri layamba kumveka dzulodzuloli. Popeza malamulo a makhoti a Zambia anachokera ku England, ulendo wathu uyambira kumeneko.

Kamtsikana pathebulo

Mu August 1612, mumzinda wa Lancaster, munazengedwa mlandu wa anthu a kudera la Pendle omwe ankawaganizira ufiti. Ambiri anali amphawi, ena opemphapempha. Mmodzi mwa iwo anali mayi wotchedwa Elizabeth Device. Mboni yaikulu yomuneneza inali mwana wake womubala yekha, Jennet, wa zaka pafupifupi 9.

Kalaliki wa khoti, Thomas Potts, analemba zomwe zinachitika tsikulo. Jennet atalowa, mayi ake anayamba kukuwa ndi kumutemberera. Mwanayo analira, napempha kuti mayi ake atulutsidwe kaye. Atawatulutsa, anthu a khoti anamunyamula ndi kumuimika pathebulo kuti aliyense amuone. Pamenepo anakamba kuti mayi ake ndi mfiti, ndipo ali ndi mzimu wotchedwa Ball umene umabwera ngati galu. Ananenezanso mlongo wake James. Pa 20 August anthu 10 ananyongedwa, ndipo pakati pawo panali mayi ake, mlongo wake ndi mkulu wake Alizon. Agogo ake anali atafera kale m'ndende.

Khoti linamvera mwana wamng'ono chotere chifukwa mfumu James inali italemba buku mu 1597 lonena kuti pamilandu ya ufiti ngakhale ana akhoza kukhala mboni. Jennet anamvedwa popeza akuluakulu ankafuna mawu ake. Atawapeza, mbiri inamusiya pomwepo, wopanda mayi ndiponso wopanda nyumba yobwererako ngati kale.

Patapita zaka zoposa 20, m'dera lomwelo, mnyamata wa zaka 10 dzina lake Edmund Robinson ananeneza anthu ambiri za ufiti. Pamndandanda wa oimbidwa mlandu panali mayi wotchedwa Jennet Device, yemwe olemba mbiri ena amakhulupirira kuti ndi kamtsikana ka pathebulo kaja. Mnyamatayo atamufunsitsa ku London mu 1634, anavomera kuti nkhani yonse anachita kupeka.

Nkhani ziwirizi zikuonetsa mantha omwe maloya a ku England anakhala nawo kwa nthawi yaitali: akuti mwana ndi dongo, aliyense akhoza kumuumba. Koma phunziro lina la ku Lancaster silinatoledwe msanga. Jennet sanathe kukamba mayi ake ali pomwepo. Zambia inadzalemba zimenezi m'lamulo patapita zaka 410.

Kodi udziwa kumene abodza amapita?

Mu 1779 oweruza 12 a ku England anakumana pa mlandu wa munthu wotchedwa Brasier, yemwe anachitira nkhanza kamtsikana kosakwana zaka 7. Kamtsikanako sikanalumbiritsidwe m'khoti. Mayi ake ndi mayi wina ndi amene anabwereza zomwe kanawauza. Oweruza anagamula kuti umboni wotero sugwira. Anatinso palibe msinkhu woletsa mwana kukhala mboni, bola amvetse kuopsa kwa kunama atalumbira. Kuyambira pamenepo, woweruza ankayamba wamuyesa mwana asanamumvere. Mafunso ake ankakhala a kutchalitchi: udziwa Mulungu? Munthu wabodza amapita kuti akafa?

Mu 1933 England inakhazikitsa lamulo lalikulu la ana lomwe linalola mwana wamng'ono kukamba osalumbira. Koma linaika chingwe: munthu sangamangidwe ndi mawu a mwanayo okha, pafunika umboni wina wowachirikiza.

Si mitundu yonse inayenda njira imeneyi. Malamulo a Aroma akale sankalola kholo ndi mwana kunenezana m'bwalo, ngakhale atafuna okha. Ku Germany lero mwana ali ndi ufulu wokana kupereka umboni wotsutsa kholo lake, ndipo ngati ndi wamng'ono kwambiri, kholo loimbidwa mlandu sililoledwa kumusankhira chochita. Lamulo la Angelezi lomwe tinalandira ife linkateteza mkazi kuti asakakamizidwe kuneneza mwamuna wake, koma mwana silinamupatse chishango chotero. Pali chifukwa chake chomveka. Zoipa za m'nyumba zimachitika chitseko chili chotseka, ndipo mwana akaletsedwa kukamba, nthawi zambiri sipatsala mboni ina.

Lamulo lifika ku Northern Rhodesia

Asanabwere makhoti a azungu, milandu inkakambidwa pabwalo la mfumu, ndipo mwana sankaimirira yekha kukamba. Ankamukambira ndi wamkulu wa kubanja. Pakati pa Achewa, Ansenga, Atonga ndi Abemba, omwe amatsata mzere wa kuchikazi, mwini mbumba anali malume. Mwana wozunzidwa ndi atate ake anali ndi khomo lina logogodapo, ndipo malume anali ndi mphamvu yomutenga ndi kupita naye. Mwambowu unali ndi chilema chake: wolakwa akakhala malume yemweyo, khomo lija linali lotseka. Komanso cholinga cha bwalo chinali kuyanjanitsa mabanja, moti mbuzi kapena ng'ombe inkatha mlandu pamene bala la mwana likadali laliwisi.

Migodi ndi matauni zitabwera, anthu anabalalika. Ena anapita ku Copperbelt, ena ku Lusaka, ena kumisasa ya asodzi ya m'chigwa cha Kafue, komwe kunasonkhana anthu a zilankhulo zosiyanasiyana. Malume anatsala kumudzi, mtunda wa masiku. Mwana anatsala ndi amene akumudyetsa basi.

Mu 1956 boma la atsamunda linakhazikitsa lamulo la ana lomwe pambuyo pake linadziwika kuti Juveniles Act. Gawo 122 la lamuloli linatengera la ku England lija: mwana ayesedwe kaye, ndipo akakamba osalumbira, mawu ake achirikizidwe ndi umboni wina. Pa 24 October 1964 mbendera inasintha, koma gawo 122 linakhala momwemo.

Kuyesa mwana kumeneku maloya amakutcha voire dire. Pa mlandu wa Zulu v The People mu 1973, khoti lalikulu la apilo linalongosola masitepe omwe woweruza ayenera kutsata ndi kulemba. Woweruza akalumpha sitepe, umboni wonse wa mwana ukhoza kutayidwa pa apilo. Taganizani za mwana amene analimba mtima, nakamba zonse pamaso pa womulera, kenako amva kuti mawu ake afufutidwa chifukwa cha funso lomwe majisitireti anaiwala kufunsa. Mu 1982, pa mlandu wa Emmanuel Phiri v The People, khoti linatsindika kuti pamilandu ya kugonana mokakamiza pafunika umboni wochirikiza zinthu ziwiri: kuti choipacho chinachitikadi, ndi kuti wochita ndi yemwe ali m'bokosiyo.

Malamulo amenewa anali ndi ntchito yake. Ankateteza munthu wosalakwa, ndipo nkhani ya Edmund Robinson itikumbutsa kuti mwana akhoza kuphunzitsidwa bodza, makamaka pamene akuluakulu akulimbirana nyumba, munda kapena ana ukwati ukatha. Koma onse ankayang'ana mbali imodzi. Mwana ankaimirira m'chipinda chimodzi ndi atate ake, maso ndi maso. Ndipo popeza amphawi ambiri alibe loya, woimbidwa mlandu yekha ndiye ankafunsa mboni. Bambo ankaimirira ndi kufunsa mwana wake: "Ndani amakugulira yunifomu? Unandiona ndi maso ako iwe?" Mwana woleredwa kuti wamkulu sayankhidwa mwano ankangoweramitsa mutu, ndipo kukhala chete kwake kunkalembedwa ngati kusowa umboni.

Zaka za maliro

M'zaka za m'ma 1990 matenda a Edzi anasiya ana amasiye ochuluka kwambiri m'dziko muno. Anawo anagawidwa kwa amalume, azakhali, agogo ndi atate owapeza. Ambiri analeredwa mwachikondi ndi anthu omwe nawonso analibe kanthu. Koma ena anagwa m'manja oipa. Mu 2003 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti lotchedwa Suffering in Silence, lomwe linaonetsa kuti atsikana amasiye ambiri a ku Zambia ankagonedwa ndi achibale omwe ankawasunga, ndipo sankanena chifukwa choopa kuthamangitsidwa panyumba kapena kusiyitsidwa sukulu.

Boma linayamba kusuntha. Apolisi anakhazikitsa nthambi ya Victim Support Unit mu 1994, ndipo lamulo la 1999 linaipatsa maziko. Mu 2005 Nyumba ya Malamulo inakhwimitsa chilango: wogona mwana wosakwana zaka 16 akakhale kundende zaka zosachepera 15. Ndi chifukwa chake majisitireti akapeza munthu wolakwa pamlandu wotere amamutumiza ku High Court kukalandira chilango, popeza zakazo zimaposa mphamvu zake.

Chilango chokhwima chinabweretsanso katundu wina pamutu pa mwana. Tsopano achibale ankamuwerengera: "Ufuna atate ako akawolere ku jele zaka 15? Nanga ang'ono ako adzadya chiyani?" Mwala utakula, mantha a mkhate nawonso anakula.

Chaka cha 2011 chinabala malamulo awiri oyenda mosiyana. Loyamba ndi Anti-Gender-Based Violence Act, lomwe linapatsa khoti mphamvu yoletsa wozunza kuyandikira wozunzidwa, ngakhale kumutulutsa m'nyumba kuti otsalawo akhale mwamtendere, ndipo linalamula boma kukhazikitsa nyumba zothawirako. Lachiwiri linasintha gawo 122 lija. Mwana aliyense wosakwana zaka 14 anayenera kulumbira, ndipo woweruza akaona kuti alibe nzeru zokwanira ndipo samvetsa udindo wokamba zoona, umboni wake sunkalandiridwa konse. Wopambana mayesowo mawu ake ankafunikabe umboni wochirikiza. Motero ana aang'ono kwambiri, omwe ndi osavuta kuwazunza, ndi amene chitseko cha khoti chinawatsekera.

Nthawi yonseyi maiko ena anali atayamba kale kufunsa funso la mwana lija. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, lomwe Zambia inavomereza mu 1991, limati mwana ali ndi ufulu womvedwa pankhani zomukhudza. England inalola ana kukamba kudzera pa vidiyo mu 1988. South Africa mu 1993 inayamba kugwiritsa ntchito mkhalapakati: mwana amakhala m'chipinda china ndi munthu wophunzitsidwa, amene amamva funso la loya m'makutu ndi kulipereka kwa mwana m'mawu ofewa, khoti likuonera pa sikirini. Zimbabwe inatsegula makhoti otere mu 1997. Kwathu kuno zinayamba mu 2016, pomwe makhoti ofulumizitsa milandu ya nkhanza za m'banja anatsegulidwa ku Kabwe ndi ku Lusaka, okhala ndi zipangizo zoti wozunzidwa akambe ali m'chipinda china.

Lamulo la 2022

Mu August 2022 Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina Children's Code Act, lamulo nambala 12 la chakacho. Juveniles Act inafafanizidwa itagwira ntchito zaka 66. Gawo 78 la lamulo latsopanoli ndi lomwe wachinyamata aliyense ayenera kulidziwa, chifukwa likukamba za mwana amene ali mboni.

Mwana sayenera kukhala m'chipinda chimodzi ndi munthu amene akumuneneza. Afunsidwe kumbali, anthu ongodzaonerera atatulutsidwa, pamalo osamuopsa ndiponso m'mawu olingana ndi msinkhu wake. Asafunsidwe koposa kawiri. Mafunso a woimbidwa mlandu kapena a loya wake adutse mwa wogwira ntchito yoona za umoyo wa ana, mwa mkhalapakati, kapena pa vidiyo. Mwana amene sangathe kulumbira sabwezedwanso. Akhoza kukamba osalumbira. Nkhani ya umboni wochirikiza lamulo linaisiya m'manja mwa khoti kuti lione malinga ndi mlandu wake. Lamulo lomweli limaletsa kuulutsa dzina kapena chithunzi cha mwana wokhudzidwa ndi mlandu, ndipo limalola kuti mwana amene ali pangozi achotsedwe panyumba ndi kuikidwa pamalo otetezeka.

Woimbidwa mlandu sanalandidwe ufulu wake. Amafunsabe mafunso, amatsutsabe, ndipo amakhala wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa. Chomwe chachotsedwa ndi diso lija loyang'anitsa mwana, ndi mawu aja omwe mwana anazolowera kuwamvera kuyambira ali kumsana.

Msewu wobwerera kunyumba

Lamulo lakonza chipinda cha khoti. Koma mwana amakhala m'chipindamo ola limodzi kapena awiri, pamene mlandu umatenga miyezi. Nthawi yotsalayo amakhala kwawo.

Kwa mwana wa ku Chanyanya, khoti la majisitireti lili m'tauni ya Kafue, ndipo ulendo uliwonse ufuna ndalama ya anthu awiri, mwana ndi womuperekeza. Mlandu ukaimitsidwa, abwerenso tsiku lina. Ngati tsikulo lagwa pakati pa December ndi February, nthawi yomwe boma limaletsa kusodza kuti nsomba ziswane, m'nyumba simukhala ngakhale ya mchere. Amene ankapeza ndalama mwina ali m'chitokosi. Mwina watuluka pa belo, ndipo akudutsa panjira yomweyo yopita kudooko. Azakhali a kuchimuna amabwera madzulo, osakalipa, kungokhala pamphasa ndi kufunsa ngati mwanayo akumbukira bwinobwino. Milandu yambiri imafera pamphasa pamenepo, mboni itasiya kubwera kapena itasintha mawu.

Apa pali zinthu zomwe lamulo lanena poyera, koma ambiri m'makomboni sazidziwa. Mlandu wogona mwana si wa banja, ndi wa boma. Ndi chifukwa chake pamapepala a khoti pamalembedwa kuti The People. Banja lilibe mphamvu youtseka, ndipo kulandira ndalama kapena chiweto kuti ubise mlandu waukulu nakonso ndi mlandu. Local Court, yomwe imaweruza za miyambo, ilibe mphamvu pamlandu wotere, chimodzimodzi anyakwawa. Kuopseza kapena kunyengerera mboni ndi mlandu winanso. Ndipo mwana aliyense, kapena wina aliyense wodziwa za mwana wozunzidwa, akhoza kuimba 116 kwaulere, kapena kupita ku Victim Support Unit pa polisi.

Chinanso ndi ichi. Mawu a mwana amalemera akakhala ndi owachirikiza. Lipoti la kuchipatala lotengedwa msanga limakamba zomwe mwana sangathe kukamba, ndipo kufika kuchipatala pasanathe maola 72 kumathandiza kuti alandire mankhwala omuteteza ku HIV. Mnansi amene anamva kulira usiku, mphunzitsi amene anaona zipsera, mchemwali amene anauzidwa m'mawa mwake, onsewa ndi mboni. Aliyense wa iwo akaimirira, katundu amachepa pamutu pa mwana. Akabisala, mwana wa zaka 9 amatsala yekha kusenza mlandu wa mudzi wonse.

Inu amene mukuwerenga muli pamsinkhu womwe ana amauza zinsinsi zawo. Mwana amaopa kuuza mayi, poona kuti mayi nawonso ali pakati pa moto. Amauza mkulu wake wa giredi 11, msuweni wogona naye chipinda chimodzi, kapena mtsogoleri wa kwaya. Zikakufikirani, musamufunse mafunso ngati wapolisi ndipo musamuphunzitse chokamba. Mawu oumbidwa ndi ena amaphwanyika m'khoti, ndipo akhoza kumangitsa wosalakwa. Mumvereni, mukhulupirireni mokwanira kuti muchitepo kanthu, ndipo mupite naye kwa amene lamulo linawapatsa ntchitoyo. Nkhani yake musaiike pa Facebook kapena pa WhatsApp.

Kuchokera pathebulo la ku Lancaster kufika pa gawo 78, zomwe zasintha ndi zazikulu. Khoti lavomera kuti mwana amene akuneneza kholo lake amataya kanthu ngakhale mlandu utamukomera, choncho sayenera kuvulazidwanso pokamba. Chomwe Nyumba ya Malamulo singalembe ndi dzina la munthu amene adzamuyalira mphasa usiku wa tsiku la chigamulo, amene adzamulipirira mayeso, amene adzaletsa anzake kumutcha wogulitsa atate ake. Kale ntchito imeneyo inali ya malume. Ku Chanyanya, ku Shikoswe, ku Kanyama ndi kwina konse komwe malume ali kutali, yatsala kwa amene ali pafupi.